Kutsimphina pa Chinkhoswe Changa

Mwendo wanga wamanzere unafota ndili wamng'ono, ndisanayambe n'komwe sukulu. Amayi amati ndinatentha thupi kwa masiku angapo, ndipo nditachira mwendowo sunadzukenso. Kuchipatala anati ndi poliyo. Kumudzi kwathu ku Ntcheu ananena zawo, mukuwadziwa anthu akumudzi, koma ine ndakulira ku Kawale ndipo zimenezo sindinazitengere. Mwendowo ndi waufupi, ndi wowonda, ndipo bondo lake silidzigwira lokha. Poyenda ndimalichirikiza ndi dzanja, thupi n'kupendekera kumanzere, n'kubwerera, n'kupendekeranso. Nsapato ya phazi limenelo ankandikwezera ndi mphira wa tayala bambo wina wosoka nsapato pamsika wa Chilinde. Amene wandizolowera amandizindikira ndili kutali, nkhope asanaione.

Funso limene landivutitsa moyo wanga wonse ndi lakuti kodi ine ndine wolumala kapena ayi. Musaseke, yankho lake si lapafupi. Limatengera amene akuyankhayo, komanso chimene akufuna kwa ine tsiku limenelo.

Pakhomo pathu madzi akatha, ndinali mtsikana wabwinobwino. Ndowa pamutu, dzanja limodzi kugwira ndowayo, linalo pabondo, kuchokera pampopi mpaka kunyumba, ndipo palibe amene ankati mwanayu apumeko. Koma kwaya yathu ikaitanidwa kukaimba ku Biwi, nthawi yolowa m'tchalitchi pamzere movina, mayi woyang'anira kwaya ankandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Iwe tsogola ukakhale kale, ungatisokonezere sitepe." Chaka china kunabwera anthu ogawa makina osokera kwa olumala. Ndinapita, poti kusoka ndinali nditaphunzira kale koma makina ndinkachita kubwereka. Bambo amene anaima pakhomo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Asisi, inutu mwabwera nokha ndi miyendo yanu. Ife tikuthandiza olumala enieni." Ndinabwerera manjamanja. Tsiku lomwelo pasiteji, ndikuyandikira minibasi, kondakitala anamenya chitseko n'kukuwira dalaivala kuti, "Tiyeni, olumalawa atichedwetsa!" Ndiye tandiuzani abale, ndinali ndani ine? Kumene kuli makina ndachepa ulumali, kumene kuli mpando wa minibasi ndachulukitsa.

Pawailesi nawo ankasinthasintha mawu. Lero akuti opunduka, mawa akuti ayi mawu amenewo ndi achipongwe, tiziti olumala. Ine sindinkakangana ndi mawu. Chimene chinkanditopetsa n'chakuti aliyense anali ndi muyezo wake m'thumba, ndipo mwini mwendone palibe ankandifunsa.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene, akazi atayamba kuyenda ndi mathalauza poyera, kaunjika atadzaza m'misika. Ine ndinali nditadzipezera makina akale, ndikusoka pakhonde la golosale ina ku Kawale komweko, kupalasa ndi mwendo wamanja wokha. Zovala zatsopano anthu anali atachepetsa kusoketsa. Ntchito yathu matelala inali kubweza za pa kaunjika, kuchepetsa m'chiuno, kupinda miyendo, kusintha zipi. Pakhonde pamenepo mpamene anandipeza mnyamata wina wa ku Mgona, wonyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Anabwera ndi thalauza lalitali ngati la makanja. Nditalipinda, anabweranso ndi malaya. Kenako anabwera ndi batani limodzi m'dzanja, limene mpaka lero ndimakhulupirira kuti anachita kulithothola yekha. Ndinamufunsa ngati ku Mgona matelala onse anasamuka, iye n'kungoseka.

Chimene anandigwirira mtima n'chakuti poyenda sankandisiya m'mbuyo, komanso sankandigwira mkono ngati akuwolotsa gogo pamsewu. Ankangoyenda liwiro langa basi. Za mwendo sanazitchulepo, ndipo ine kukhala chete kumeneko ndinkakuyesa ulemu. Atanena za banja, ndinamufunsa mosapita m'mbali.

"Kwanu ku Dedza wawauza mmene ndilili?"

"Akudziwa zonse, usadandaule."

Ndinamufunsanso tsiku lina, poti ine sindikhutira ndi yankho limodzi. Anati, "Iwe, bwanji umakonda kudzivutitsa? Ndati akudziwa." Ndinasiya. Amalume anga anakumana ndi amalume ake, anagwirizana, tsiku la chinkhoswe n'kuliika. Amalume akewo anandiona kamodzi kokha, nditakhala pamakina. Amayi ake anali asanandionepo, ankayenera kudzandionera pachinkhoswe pomwepo.

Pachinkhoswe pali kamwambo kamene anthu amakayembekezera kuposa mpunga ndi nyama. Akuchikazi amatulutsa atsikana mmodzimmodzi atafundidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mnyamata amayenera kuloza wake. Akatuluka woyamba, akuchimuna amafupa, mnyamata amamuzungulira, n'kupukusa mutu kuti si ameneyu. Wachiwiri chimodzimodzi. Kukoma kwa masewerawa n'kwakuti atsikanawo afanane, msinkhu, zitenje, chilichonse, kuti mnyamatayo atuluke thukuta anthu akuseka. Akamupeza wake, mpamene ankhoswe amasinthana nkhuku, tambala wochokera kuchimuna ndi msoti wochokera kuchikazi. Nkhuku zikasinthanidwa banja lamangidwa. Zisanasinthanidwe, ndiye kuti anthu angosonkhana kudzadya.

Bambo anga anali atamwalira kalekale, ndipo mlongo wawo, azakhali anga a ku Area 23, ndiwo ankayendetsa zochitika zonse za pabanja pathu. Ukwati, maliro, ubatizo, iwo asanafike mphika sutereka. Anali mayi wamphamvu, wa mawu okwera, wokonda abale ake mpaka kuwatopetsa. Pamsonkhano wokonzekera, titakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, iwo ndiwo anayambitsa nkhaniyi.

"Tsono za ofundawa titani? Uyutu akangoponya phazi limodzi, ngakhale mwana wakubere adziwa kuti ndi iyeyu. Masewera athera pompo."

Amayi anati, "Bwanji tiwakhazike onse atatu pamkeka alendo asanafike? Adzawapeze atakhala kale, atafunda."

Ine ndinati, "Ndiye ndikhala pamkekapo mpaka liti, Amayi? Mpaka alendo abwerere ku Dedza?"

"Iwe, akuluakulu akuyankhula."

"Akuyankhulatu za mwendo wanga. Ine pachinkhoswe changa ndituluka ndi miyendo yanga, aliyense aone. Ngati masewerawo akuvuta, asiyeni. Kodi analembedwa m'Baibulo?"

Azakhali anawomba m'manja kamodzi, phwa! "Tamumvani! Chinkhoswe chopanda ofunda? Anthu adzati chiyani? Adzati mwana wa achimwene anga tinamupereka ngati tomato wotsala madzulo. Ayi ndithu. Iwe udzachitiridwa zonse zimene anzako amachitiridwa. Sindifuna wina adzanene kuti tinadumpha mwambo chifukwa cha mwendo." Kenako anandiyang'ana, nafewetsa mawu. "Ukufuna kuyenda? Udzayenda, mwana wanga. Zinazo undisiyire ine, ndili ndi pulani."

Ndinayamika mumtima, ndikuganiza kuti andimva. Ha, ndikanadziwa! Ndinapita mpaka ku Chilinde kukasoketsa nsapato zatsopano, zoyera, ndipo bambo uja anakweza yamanzereyo mosamala, mphira n'kuupaka utoto kuti ufanane ndi chikopa. Sindinkafuna kubisa kanthu ayi. Ndinkangofuna kuti apongozi anga akamadzaona mayendedwe anga koyamba, adzawaone nditavala bwino, mutu uli m'mwamba.

Tsikulo linali Loweruka. Pabwalo pathu anamanga chisakasa cha malona, mabenchi anabwereka kutchalitchi, wailesi ya kaseti anailumikiza ku batire ya galimoto. Kawale yense anabwera, woitanidwa ndi wosaitanidwa yemwe, ena atakwera pampanda wa aneba. Alendo a ku Dedza anafika pa pikapu, fumbi lili tuu m'maduku, n'kuwakhazika pamabenchi a kutsogolo. Ine ndinali kuchipinda ndi asuweni anga awiri, ana a azakhali omwewo, amene anasankhidwa kuti afunde nane. Zitenje zofundazo ndinazisoka ndekha, kulumikiza ziwiriziwiri kuti zifike pansi, nsapato zisaoneke. Azakhali analowa, nawanong'oneza atsikanawo kanthu, iwo n'kugwira pakamwa akuseka. Nditafunsa, anati palibe.

Woyamba anatuluka. Chitenje chimene ndinafunda chinali chopyapyala, ndipo nditasuzumira pazenera ndinkaona bwalo lonse ngati mu utsi. Msuweni wanga anatsika pakhonde, naponya phazi, thupi n'kupendekera kumanzere. Ndinayesa wapunthwa. Anaponyanso, n'kupendekeranso, dzanja lili pabondo m'kati mwa chitenje. Mayo ine! Ankatsimphina. Ankayenda mayendedwe anga.

Apa mpamene ndinaimvetsa pulani ya azakhali. Mwambo umati ofunda afanane. Msinkhu tinkafanana, zitenje zinali zimodzi, chotsala chinali mayendedwe. Poti ine sindikanatha kuyenda ngati iwo, azakhali anaona kuti iwo ayende ngati ine. M'mutu mwawo munalibe chipongwe ngakhale pang'ono, ndikulumbira. Ankati akundibisa pakati pa anzanga kuti ndisaonekere ndekha.

Koma bwalo silinkadziwa zimenezo. Anthu a ku Kawale, amene ankandidziwa, anayamba ndi kuyang'anana, kuseka kwake kobisa m'zitenje. Alendo a ku Dedza anayesa ndi sitayilo yatsopano ya m'tauni, ndipo anaphulika nacho chiseko. Mtsikanayo atamva kuti anthu akusangalala, anawonjezera mchere, kupendekera mpaka kutsala pang'ono kugwa. Mnyamata wanga anaimirira, koma sanamuzungulire n'komwe. Anangopukusa mutu, maso ali pansi. Wachiwiri anatuluka atatsimikiza zoposa mkulu wake. Ankakoka phazi m'dothi, fumbi lili kobo, n'kumagwedeza mapewa motsatira nyimbo ya pakaseti. Azimayi anaimba nthungululu. Atsikana amenewa ndinakula nawo, madiresi awo a Khirisimasi ndinkawasokera ulere, ndipo sindinkadziwa kuti zaka zonsezo ankandiyang'anitsitsa chomwecho.

Azakhali analowa thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala. "Tiye, nthawi yako yakwana."

"Azakhali, mwachita chiyani?"

"Wamva mmene akusangalalira? Pano palibe amene aone mwendo wako. Tiye, usachedwetse anthu."

Ndikanatani? Ndikanakana kutuluka, akanati mkwatibwi wathawa. Komanso ndine ndinalimbikira zoyenda. Ndinatsika pakhonde paja, n'kuyenda mmene ndimayendera masiku onse, osawonjezera, osachotsera. Ndipo abale inu, bwalo linagwa nacho chiseko kuposa poyamba. Bambo wina wa mwa alendo anakuwa kuti, "Uyu ndiye katswiri! Enawo amangoyeserera!" Mayi wina wachikulire wa duku lobiriwira anadzuka pabenchi akuvina, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe, nadzandifupa pamutu. Anayamba kuyenda pambali panga, dzanja pabondo, akunditsanzira, n'kumati, "Mwana uyu andipha ine! Anakuphunzitsani ndani, mayi?" Ine pansi pa chitenje mano ndinali nditaluma. Mayiyo sindinkamudziwa. Anali amayi ake a mnyamata wanga.

Mnyamatayo sanadikire kuti ndifike pakati. Anabwera, nati ndi mawu otsika, "Ndi ameneyu." Anandivundukula, nthungululu zinalira, ndipo woyendetsa mwambo anati mkwatibwi apite akakhale pampando pambali pa mwamuna wake. Mipandoyo inali tsidya lina la bwalo. Ndinayamba kuyenda, tsopano nkhope ili poyera. Mayi wa duku lobiriwira uja, akupukuta misozi, anati, "Basi mayi, masewera atha, yendani bwino tsopano." Ine ndinapitiriza. Anayang'ana nkhope yanga, kenako anatsitsa maso mpaka pansapato yoyera ija. Chiseko chinazima kuyambira pamabenchi a kutsogolo mpaka kumpanda. Wina anazimitsa kaseti. Amalume a mnyamata, amene anali atanyamula kale tambala m'khwapa, anawerama n'kumubwezera pansi pa benchi, miyendo ili chimangire. Anati, "Tiyeni tikaonane kaye m'nyumba."

Tinalowa pabalaza, ine, Amayi, amalume anga ndi azakhali mbali ino, mnyamata, amayi ake ndi amalume ake mbali inayo. Chitseko anatseka, koma pazenera panadzaza nkhope.

Amayi ake ndiwo anayamba. "Ine ndili ndi mawu awiri. Loyamba, mwandivinitsa pamaso pa anthu ndikuseka mpongozi wanga. Manyazi amenewa ndikawatula kuti? Lachiwiri, ife sitinauzidwe kuti mwanayu ndi wolumala."

Tonse tinatembenukira kwa mnyamata. Iye maso anali pa simenti. Anati, "Amayi, ine sindimuona ngati wolumala. N'chifukwa chake sindinanene."

Azakhali anagwedeza mutu ngati amva vesi yokoma. Ine ndinamuyang'ana mnyamatayo. Sandiona ngati wolumala! Nanga miyezi yonse ija akuchepetsa liwiro pamsewu ankaona chiyani? Ngati sankaona kanthu, chinamukanika n'chiyani kukanena ku Dedza? Munthu sabisa chinthu chimene sakuchiona. Anachiona, anachita nacho manyazi, ndipo ine anandinamiza kawiri konse ndikumuyang'ana m'maso.

Amalume anga, bambo ofatsa amene sakonda phokoso, anatsokomola kaye. "Pepani akuluakulu, za masewerazo talakwa, tavomera. Koma mawu oti wolumala ndi aakulu. Wolumala ndi uja amakwawa, uja amakhala pamlatho m'tauni atatambasula dzanja. Uyu amadzidyetsa yekha, amadyetsanso mayi ake. Komanso paja amati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwanayu anabadwa bwinobwino."

Azakhali analandira. "Ndowa amasenza, kuchapa amachapa, kusoka ndiye musanene. Ukaipa dziwa nyimbo, si choncho? Nyimbo yake ameneyu ndi makina."

Ukaipa! Awa ndiye anali ondiikira kumbuyo, a magazi anga.

Amalume a mnyamata anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Kenako anati, "Ife za m'tauni sitizidziwa. Kwathu wolumala ndi amene sangagwire khasu. Ndiye tingofunsa. Akabwera kumudzi kudzathandiza apongozi ake, mzere angaumalize? Nanga pakati angapasenze ndi chiuno chimenechi? Nanga ana sadzatengera?"

Amalume anga anati mzere angaumalize. Azakhali anati mizere iwiri. Ine khasu ndinali ndisanaligwirepo chiyambire, munda wake uti ku Kawale, koma palibe anandifunsa. Ankayankhula za ine ndili pomwepo ngati mbuzi ya pamsika, wogulitsa akuti yanenepa, wogula akuifinya nthiti. Mkwatibwi satsegula pakamwa ankhoswe akamayankhula, amangoweramitsa mutu. Ine zinandikanika.

"Pepani akuluakulu. Ine ndine wolumala. Mwendo uwu unafota ndi poliyo, sudzachira, ndipo ana satengera. Kulima sindidziwa. Palibe chobisa apa. Ngati mukunditenga, munditenge mukudziwa zimenezo."

Amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. "Khala chete iwe! Usadzitemberere wekha." Anatembenukira kwa amayi a mnyamata. "Pepani asewele, ndi mantha chabe. Mwanayu si wolumala ayi, amangotsimphina pang'ono."

Basi, mawu anga anathera pomwepo. Ndinanena zoona zokhazokha m'chipinda monsemo, ndipo anazisesa msangamsanga alendo asanaziponde. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha, mmodzi, anene kuti inde ndi wolumala, ndiye titani? Anthu onse ondikonda anali kalikiliki kutsimikizira alendo kuti sindine chimene ndili, ngati kuti chimenecho chikatsimikizika ndiye kuti alendowo akhoza kunyamula tambala wawo mwachilungamo.

Amayi a mnyamata ankapotokola nsonga ya chitenje. Sanali munthu woipa, ndinaona ndekha kuti manyazi ankawadya. Koma chimene ananena chinali ichi: "Chabwino. Panjapo maso anga anasokonezeka ndi masewera anu aja. Tayendani mayi, ndione bwinobwino. Kuchokera pachitsekopo kufika pakabatiyo."

Ndinayang'ana mnyamata wanga. Ndinadikira kuti anene kuti ayi Amayi, zimenezo ndiye ayi. Mabelo a fodya ankanyamula pamsana tsiku lonse, mawu awiri okha akanamulemera bwanji? Anasendera pafupi, nandinong'oneza kuti, "Ingoyenda pang'ono, zithe."

Ndisaname, ndinkamufuna mnyamatayo, ndi mantha akewo, ndi bodza lakelo. Panja Kawale yense ankadikira kuti aone ngati tambala abwerere ku Dedza, ndipo ndinkadziwa kuti akabwerera, nkhani yake idzandipeza pampopi ndi pakhonde la golosale mpaka ndidzakalambe. Ndinaimirira, ndinapita pachitseko, n'kuyamba kuyenda. M'nyumba munali zii, kumangomveka mphira ukugunda simenti, ndi mbale zikulira m'kabati thupi likapendekera. Maso onse anali pamwendo, ngakhale a pazenera. Nditafika pakabati, amayi aja anazungulitsa chala kuti ndibwererenso. Ndinabwerera.

Anapumira m'mwamba. "Aa, si kwambiri ayi. Ine ndimayesa n'zoopsa. Uyu si wolumala." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, katengeni tambalayo."

Chipinda chonse chinapuma. Azakhali anatsegula chitseko n'kuimba nthungululu, panja anailandira, kaseti inayambanso kulira. Mnyamata wanga anamwetulira, akundiyang'ana ngati tawina limodzi. Amayi anagwa maondo pasimenti akuwomba m'manja. "Zikomo asewele, zikomo kwambiri, mwatichotsa manyazi." Anandikoka chitenje. "Iwe, gwada uthokoze."

Kugwada ndimatha. Ndimagwira mpando, n'kutsitsa bondo lamanja, lamanzere n'kutsatira, ndipo m'tchalitchi ndimagwada Lamulungu lililonse. Amayi ankadziwa bwino zimenezo. Koma tsiku limenelo ndinati ayi. Ndithokoze chiyani? Kuti andiyendetsa uku ndi uku n'kupeza kuti ndikugulika? Ndinaima chilili, ndikuwayang'ana apongozi angawo m'maso, kuti aone kuti ndakana, adziwe kuti mtsikana amene akumutengayo wakwiya ndipo ali ndi chifukwa. Tsiku lonselo anthu anali atandiyendera mayendedwe anga, atandiyankhira mafunso anga, ndipo kukana kumeneku kokha ndiko kunatsala kwanga. Amayi anandikokanso, ine osasuntha. Kumwetulira kunayamba kuchoka pankhope za alendo. Amalume a mnyamata anaima pachitseko, osatuluka.

Amayi anayang'ana uku ndi uku, akadali chigwadire. Kenako anamwetulira alendowo, nati, "Mumukhululukire asewele, kugwada kumamuvuta. Pajatu ndi wolumala."

Apongozi anga anagwedeza mutu mwachifundo. "Zoona, musamuvutitse mwanayu," anatero, natuluka kukalandira msoti.